Kamtanda ka Mzere Womaliza

Lamulungu masana banja lonse linakumana kwa amayi monga mwa nthawi zonse, koma tsikuli masupuni ndiwo ankalankhula kuposa anthu. Tebulo linali lomwe lija la miyendo yosafanana, loti ukatsamira chigongono mbale zonse zimapendekera kwa iwe. Amayi anakhala kumutu kwa tebulo, achimwene moyang'ana khomo, alamu pambali pa amuna awo. Mzime, mwana wamkazi yemwe anabadwa womaliza m'nyumbamo n'kukula nalo dzinalo, anapeza mpando wake ataukankhira pangodya, pafupi ndi firiji.

"Apatsireni mchere a Injiniya," anatero achimwene osakweza maso. "Mwina akufuna awerengere kaye ngati ukukwanira."

Chibadwire chake achimwene ankamuti iwe. Ulemu wa tsikuli unamulowa ngati madzi ozizira m'khosi la malaya.

Awiriwa ankagwira ntchito pamalo amodzi, pafakitale yoyeretsa gasi kunja kwa tauni. Achimwene anali atathapo zaka makumi awiri ndi ziwiri akutsegula ndi kutseka mavalavu a mapaipi. Anzawo ankawatcha a Mphuno, chifukwa gasi akamatuluka pena pake iwo ankamumva fungo makina asanalire. Mzime anali ndi zaka zitatu chabe mu ofesi ya m'mwamba, momwe ntchito yake inali ya pakompyuta. Sabata ziwiri zapitazo, pashifiti ya achimwene ya m'mawa, kompuresa yaikulu inameza zamadzimadzi. Makina amenewo anawapanga kuti azifinya gasi wouma basi. Anagogoda katatu ngati munthu wotsamwa, n'kuthyoka m'kati. Akuluakulu anawaimitsa ntchito achimwene tsiku lomwelo, ndipo mlandu wawo unali woti ukambidwe mawa lake, Lolemba, naini koloko.

Mlandu wonsewo unatsamira pa nambala imodzi. Gasi amaoneka wouma, koma amanyamula timafuta tosaoneka monga momwe mpweya umanyamulira chinyontho. Akazizira mokwanira amayamba kugwetsa madontho, ngati mame pa udzu. Kuzizira komwe dontho loyamba limagwera, pafakitalepo ankakutcha nambala ya mame. Mzime ndiye anaiwerengera pa pulogalamu ya kompyuta, ndipo inatuluka madigiri awiri pansi pa ziro. Paipi ya pamalopo sinkazizira kufika pamenepo ngakhale m'miyezi yachisanu. Ataona zimenezi, akuluakulu anazimitsa hita yomwe inkafunditsa gasi asanalowe mu kompuresa. Tsopano ankati popeza gasi sakanagwetsa mame, zamadzizo zinachokera m'thanki yolekanitsa, yomwe inasefukira chifukwa woiyang'anira analekerera.

"Alamu," anatero mkazi wa achimwene, akupukuta zala pang'onopang'ono, "kompyuta yanu ija ili ndi ana angati?"

Mzime anatembenuza supuni m'mbale mwake.

"Ndikufunsatu bwinobwino. Ikachotsedwa ntchito imakagona kuti? Imauza chiyani mapasa ngati athu aja?"

"Alamu, ine sindinalembe kuti achimwene analekerera. Ndinangowerengera zomwe anandipatsa."

"Munangowerengera. Nayenso wonola mpeni amati ndinangonola."

Achimwene anaika supuni pansi. "Thanki ija sinasefukire. Ndinaiyang'ana ndi maso angawa, inali pakati. Sabata yomweyo ndinatsegula kampopi ka pansi pa paipi katatu konse, katatu konse kanatulutsa zinthu. Ndinanunkhiza. Fungo la petulo lenileni. Ndinalemba m'buku la shifiti. Alipo wa m'mwamba anatsika kudzawerenga?"

"Pulogalamu ija imagwira ntchito m'mafakitale ambiri, achimwene. Sinama."

"Mwamva, amayi?" anatero alamu. "Sinama. Ndiye wabodza ndi mwana wanuyu."

Amayi anali akusankha timafupa m'mbale mwawo. Anayang'ana Mzime ndi maso otopa. "Iwe, pepalatu si mwala. Sungakafufute n'kulemba zina?"

"Sindingasinthe nambala chifukwa choti ndi achimwene, amayi."

"Ho! Ine ndinkayesa ndinabala awiri. Kani pali wachitatu wa magetsi, ndipo ndiye amene umamumvera."

"Asiyeni, amayi," anatero achimwene. Anatembenukira kwa Mzime koyamba chikhalireni patebulo. "A Injiniya, ndikufunseni kamodzi. Paipi ija munayamba mwaigwirapo ndi dzanja m'mawa?"

Mzime anali asanaigwirepo. Anaimirira, tebulo linapendeka, msuzi unatayikira pansalu, ndipo palibe anamuuza kuti akhale pansi amalize kudya.

Anakwera basi ya kufakitale mtima ukutukusira. Sanapite kukafuna cholakwa chake ayi. Anapita kukatenga umboni, kuti mawa akadzamuyang'ana ndi maso omwewo adzakhale ndi pepala m'manja. Mlonda wa pageti anamuyang'ana nthawi yaitali asanatsegule. Nayenso anali mnzawo wa a Mphuno.

Mu ofesi munali zii. Mipando inali yolowetsedwa pansi pa madesiki, ndipo pawindo panali kapu ya munthu wina momwe nyerere zinkalowa ndi kutuluka. Anayatsa kompyuta, n'kutsegula fayilo ija. Pulogalamuyo sinali yovuta kuiona. Kumanzere kunali mndandanda wa zinthu zomwe zili mu gasi, kuyambira chopepuka kwambiri pamwamba mpaka cholemera pansi, chilichonse ndi mlingo wake. Ukalemba puresha ya m'paipi n'kudina batani, imakujambulira mzere wokhota ngati mimba ya mtsuko. Kunja kwa mimbayo gasi ndi wouma. M'kati mwake muli mame.

Anadina. Madigiri awiri pansi pa ziro.

Anayang'ananso puresha, inali yolondola. Anasintha njira yowerengera, poti pulogalamuyo ili nazo zingapo, ndipo nambala inangosuntha pang'ono n'kukhala pomwepo. Anatsamira mpando, n'kumva kukoma koipa kwa munthu amene wapambana mkangano ndi m'bale wake.

Kuti pepala lake likhale lokwana, anatulutsa lipoti la kulabu yoyezera gasi, lomwe anatengamo milingo ija, n'kuyamba kulifananiza ndi za pasikirini, mzere ndi mzere, chala chikutsetsereka. Woyamba unali bwino. Wachiwiri chimodzimodzi. Anafika pa womaliza. Pasikirini panalembedwa hekiseni, magawo atatu pa chikwi. Papepala mlingo unali womwewo, koma dzina linali chilembo C, nambala 6, ndi kamtanda kakang'ono pambuyo pake.

Kamtandako anali atakaona kambirimbiri. Sabata yake yoyamba pantchito, bwana wa mainjiniya anaima kumbuyo kwake n'kuloza ndi cholembera. "Chomalizacho ingoikani hekiseni. Ndi tinyenyeswa timeneto. Tonse timatero." Ndipo onse ankaterodi, chifukwa m'ndandanda wa pulogalamuyo munalibe dzina lokhala ndi kamtanda, ndipo hekiseni ndiye anali pafupi. Tanthauzo la kamtandako analiphunzira kusukulu. Analidziwa, koma analigoneka.

Chala chinakhala pamenepo kanthawi. Kenako anatenga pepalalo n'kutsika masitepe.

Labu inali kuseri kwa nyumba ya mapampu. Wogwira Lamulungu limenelo anali mkulu wina wowonda, wa magalasi omangidwa ndi waya, yemwe onse ankamutcha a Mabotolo. Anali akutsuka timachubu pasinki.

"Aa! Anthu a m'mwamba atsika. Kwagwanji? Madzi a tiyi atha?"

"Bambo, ndimafuna ndifunse za mzere uwu."

A Mabotolo anapukuta manja pajasi lawo, n'kusuzumira. "Mukufunsa lero? A Mphuno atakhala kunyumba sabata ziwiri?"

"Kamtandaka, m'kati mwake muli chiyani?"

"Muli zomwe kakunena. Hekiseni ndi akulu ake onse. Makina anga a tsiku ndi tsiku akafika pamenepo amatopa, amangomanga zotsalazo mtolo umodzi." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu mumaika chiyani?"

"Hekiseni."

"Yekha?"

Mzime anagwedeza mutu.

A Mabotolo anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. "Mayi, munthu akakuuzani kuti m'kholamu muli mbuzi ndi zina, inu n'kumanga khomo la mbuzi, ng'ombe ikadzagumula khola musadzamenye m'busa. Zolemerazo n'zochepa, inde. Koma ndi zomwezo zimayamba kugwa kukazizira. Zopepuka zija zilibe nazo ntchito."

"Pali pomwe munazilekanitsa?"

"Miyezi itatu iliyonse ndimayesa kwautali, tsiku lathunthu, mtolo wonse n'kuumasula. Ndimatumiza m'mwambamo. Ndinamva kuti mapepala anga ndi abwino kuikira makapu."

Anatsegula kabati yachitsulo, n'kufufuza mosafulumira, ngati akufuna kuti Mzime amve kutalika kwa mphindi iliyonse. Anatulutsa mapepala atatu omata pamodzi. Sanamupatse m'manja. Anawaika pabenchi n'kubwerera kusinki.

M'mwamba muja Mzime anafufuta mzere womaliza n'kulemba inayi m'malo mwake. Magawo atatu aja anawagawa monga momwe mapepala a Mabotolo ankanenera: theka hekiseni, kenako hepiteni, kenako okiteni, ndi kachidutswa ka noneni kochepa kwambiri moti anachita kuwerenga maziro ake kawiri. Zonse pamodzi zinali magawo atatu omwe aja. Sanawonjezere kanthu. Anadina batani.

Mimba ya mtsuko ija inafufuma n'kukankhira kumanja. Madigiri khumi ndi asanu.

Anatsegula zolemba za makina za tsiku lomwe kompuresa inathyoka. M'mawa umenewo paipi inali pa madigiri asanu ndi anayi. Dzulo lake, asanu ndi atatu. Chizimitsireni hita, gasi uja ankagwetsa mame m'mawa uliwonse wozizira, timadontho tikusonkhana pamalo otsika a paipi, mpaka tsiku lomwe tinakwana kuyenda tonse pamodzi.

Anayesa njira ina yowerengera. Khumi ndi anayi. Anayesa yachitatu. Khumi ndi asanu ndi limodzi. Palibe inamuchitira chifundo.

Pansi pa lipoti lakale la nambala ya mame panali siginecha yake, ndipo pansi pa yakeyo panali ya bwana wa mainjiniya, wotsimikiza. Anaziyang'ana zonse ziwiri. Fayilo yatsopanoyi anali asanaisunge. Akanangoitseka, pulogalamu ikanamufunsa ngati akufuna kusunga zosinthazo, iye n'kuyankha kuti ayi, basi. A Mabotolo akanalankhula, koma anthu a m'mwamba anali asanawamverepo chiyambire. Achimwene akanachoka ndi dzina la munthu wolekerera ntchito, pa msinkhu woti palibe fakitale ina ingawatenge. Iye akanatsala ndi desiki lake.

Anakhala choncho mpaka dzuwa linafika pa kiyibodi. Kenako anaisunga, n'kusindikiza makope anayi.

Ali pa siteji kudikira basi anaimba foni ya achimwene. Anayankha ndi alamu.

"Mukufunanji?"

"Ndimafuna achimwene. Pali zomwe ndapeza."

"Akusita malaya a mawa. Muli ndi tsiku lonse lowamalizira, musawayambe lero." Foni inaduka.

Lolemba anafika hafu seveni. Bwana wa mainjiniya anali kale mu ofesi mwake, akusenda nthochi. Anawerenga tsamba loyamba ataimirira, lachiwiri atakhala pansi. Atamaliza anadzuka kukatseka chitseko.

"Ndani winanso waona izi?"

"A Mabotolo akudziwa kuti ndinatenga mapepala awo."

"Chabwino. Mwachita bwino kubwera kwa ine. Hita tiiyatsa lero lomwe, tinena kuti n'kusamala chabe. Nambalayi tidzaikonza mwezi wamawa, pamodzi ndi zina."

"Nanga achimwene?"

"Nkhani ya achimwene anu ndi ina."

"Ndi yomweyi, bwana."

Bwanayo anapinda khoko la nthochi mosamala n'kuliika m'bini. "Mayi, ndinu mwana pantchito pano. Taganizani momwe zimvekere. Mchemwali wa woimbidwa mlandu walowa mu ofesi Lamulungu, yekha, ndipo m'mawa mwake nambala yasintha. Mukuganiza kuti anthu anena kuti mwapeza cholakwa? Anena kuti mwaphika. Ndipo akakukhulupirirani, ndiye kuti kompuresa ija munathyola ndinu. Sankhanipo pamenepo."

"Munandiuza ndinu kuti ndiziika hekiseni."

"Ndinalemba pati?"

Mzime anatola makope ake atatu otsala. Limodzi linagwa, ndipo bwanayo sanawerame.

Mlandu unali m'chipinda cha misonkhano, cha tebulo lalitali ndi wotchi yothamanga mphindi zisanu. Kumutu kunakhala manejala wa fakitale, pambali pake mayi wa za antchito ndi kope lake. Achimwene anakhala okha mbali ina, atavala malaya oyera osita bwino, manja ali pamaondo. Mzime atalowa sanatembenuke.

Manejala anawerenga mlandu. Kenako anati, "Injiniya atitsimikizire nambala ya mame, tipitirire."

Mzime anaimirira. "Nambala yomwe ndinapereka ndi yolakwika, bwana. Si madigiri awiri pansi pa ziro. Ndi khumi ndi asanu. Ndinalakwitsa ndine polemba mzere womaliza."

Cholembera cha mayi wa za antchito chinaima. Mzime anagawa mapepala, n'kufotokoza za kamtanda kaja m'mawu ochepa, monga momwe akanafotokozera amayi ake. Anasonyeza kuzizira kwa paipi m'mawa uliwonse chizimitsireni hita. Anasonyeza masiku atatu omwe achimwene analemba m'buku la shifiti kuti kampopi katulutsa zamadzi, ndipo onse atatu anali masiku ozizira kwambiri.

"Awa ndi achimwene anu," anatero manejala.

"Inde, bwana."

"Bere limodzi?"

"Limodzi."

"Ndiye ndikhulupirire pepala liti? La miyezi iwiri yapitayo, kapena la dzulo, lomwe mwalemba mutadya kwanu?"

"Musakhulupirire langa lililonse. Mapepala a kulabu ndi awo, anasainidwa kompuresa isanathyoke. Wina aliyense alembe milingoyo mu pulogalamu, inu mukuona."

Manejala anayang'ana bwana wa mainjiniya. "Laputopu muli nayo?"

Bwanayo anaitsegula ngati munthu wotsegula chitseko cha nyumba ya mavu. Analemba mizere inayi ija ndi chala chimodzi, manejala ataima kumbuyo kwake akuwerenga nambala iliyonse mokweza. Anadina.

"Fifitini," anatero manejala. Anabwerera pampando wake n'kupukuta nkhope ndi manja onse awiri. "Mafayilo angati ali ndi hekiseni ameneyu?"

Funsolo linali la bwana wa mainjiniya. Anayankha Mzime. "Onse, bwana. Khumi ndi limodzi."

Zotsalazo sizinatenge nthawi. Manejala anauza achimwene kuti abwerere pashifiti masana omwewo, ndipo kuti aonetsetse kuti hita yayaka kompuresa yaing'ono, yomwe inkagwirizira ntchito, isanakumane ndi zomwezo. Palibe anawapepesa. Manejala anauza Mzime kuti kalata yake yochenjeza ituluka Lachitatu, kuti kwa chaka chathunthu sasainanso pepala lililonse payekha, ndiponso kuti mafayilo khumi ndi limodzi aja awabwereze onse Lachisanu lisanafike. Kenako anauza bwana wa mainjiniya kuti atsale, ndipo chitseko chinatsekedwa.

Pakhonde achimwene anamudutsa, nsapato zikulira, kulunjika kusitolo kukatenga chisoti chawo.

Nthawi ya nkhomaliro Mzime anatsikira kukantini. Tebulo la mainjiniya linali ndi mpando wopanda munthu, koma atayandikira wina anaikapo chikwama. Anakakhala kumapeto, pafupi ndi pobwezera mbale, pomwe pamanunkha sopo ndi madzi otsukira. Anali atadya masupuni awiri pomwe mthunzi unagwera pa mbale yake.

Achimwene anali atavala kale ovolosi, chisoti chili m'khwapa. Sanakhale pansi.

"Hita ija ndiitchere pa zingati?"

"Mame akuyambira pa fifitini. Mukaika twente zikhala bwino, achimwene."

"Twente yatuluka mu kompyuta yomwe ija?"

"Yomweyo."

Anatulutsa cholembera m'thumba la pachifuwa, n'kulemba pakhungu la kuseri kwa dzanja lawo, pang'onopang'ono, poti inki inkakana thukuta.

"Ndiika twente-faifi," anatero.

Anavala chisoti n'kutuluka pakhomo la kumapampu. Mayi wa kukantini anafika ndi nsalu yonyowa, n'kumuuza Mzime kuti anyamule mbale apukute tebulo.